Seva ya gemu ikuyenda koma anzanu sakulowa: fufuzani pamene paketi ikufera

Seva ya Minecraft mwaiyatsa, pa kompyuta yanu ikuyenda bwinobwino, inuyo mukulowa popanda chovuta. Mwamutumizira mnzanu adiresi, wayesa, wadikira, kenako gemu yamulembera kuti "Connection timed out". Zikafika apa anthu ambiri amathamangira ku rauta n'kuyamba kukhudza chilichonse chimene maso awo agwerapo: kuyatsa UPnP, kuzimitsa firewall (chitetezo chotchinga mauthenga osaloledwa), kuika kompyuta mu DMZ, kuzimitsa rauta n'kuiyatsanso. Nthawi zina zimatheka mwamwayi, koma popeza munthu sakudziwa chimene chakonza, mawa zikasokonekera amayambiranso. Chanzeru n'kulondola ulendo wa paketi ya mnzanuyo, kaphukusi ka uthenga kamene kompyuta yake imatumiza pa intaneti, mpaka mutapeza pamene ikuthera. Malo amene ingafere ndi owerengeka, ndipo ena mwa malowo sali m'nyumba mwanu n'komwe, moti ngakhale mutachezera pa rauta usiku wonse palibe chingasinthe.

Kulowa pa seva ya munthu wina n'kophweka, kulandira ena pa seva yanu n'kovuta, ndipo pali chifukwa chake. Magemu ambiri amayendabe pa maadiresi a IPv4, aja a manambala anayi olekanitsidwa ndi madontho. Onse pamodzi alipo pafupifupi 4.3 biliyoni, osakwanira ngakhale anthu a padziko lapansi, osanena za mafoni ndi makompyuta awo. Bungwe la IANA, lomwe limagawa maadiresiwa, linapereka otsala ake omaliza mu February 2011. Akatswiri anali ataliona kale vutoli likubwera, ndipo njira imene inafala ndi NAT, yomwe inafotokozedwa m'chikalata cha mu 1994. Ndi NAT, nyumba yonse imapatsidwa adiresi imodzi yodziwika kunja, pomwe zipangizo za mkati zimakhala ndi maadiresi a m'nyumba: oyamba ndi 192.168, oyamba ndi 10, ndi a pakati pa 172.16 ndi 172.31. Maadiresi amenewa sayenda pa intaneti. Mukamupatsa mnzanu wakutali 192.168.1.50, kompyuta yake izifunafuna chipangizocho m'nyumba mwake momwemo.

Rauta ili ngati mlonda wa pageti pa nyumba yokhala anthu ambiri. Wa mkati akatumiza uthenga kunja, mlonda amalemba m'buku kuti uje akudikira yankho kuchokera kwakuti, ndipo yankholo likafika amalilowetsa. Mlendo wongotulukira, amene m'bukumo mulibe dzina lake, sayankhidwa n'komwe. Amaima panja mpaka atatopa. Mnzanu wofuna kulowa pa seva yanu ndi mlendo wotereyu. Chimene pa rauta amachilemba kuti port forwarding ndi malangizo omusiyira mlondayo pasadakhale: aliyense wobwera kudzafunsa poti 25565 (poti ndi nambala ya khomo limene pulogalamu imamvetserapo, ndipo iyi ndi ya Minecraft), mupite naye kwa 192.168.1.50.

Mawu amene gemu yamulembera mnzanu musawanyalanyaze. "Timed out" ndiye kuti paketi yatayidwa mwakachetechete panjira, kaya ndi rauta, firewall kapena kampani ya intaneti. "Connection refused" ndi nkhani ina: paketi yafika pa chipangizo china chake, icho n'kuyankha kuti pa poti imeneyo palibe akumvetsera. Kawirikawiri apa njira ndi yotsegula, kungoti seva sinayatsidwe kapena ili pa poti ina.

Choyamba, fananizani maadiresi awiri

Musanalembe lamulo lililonse pa rauta, chitani kaye ichi, chomwe sichitha mphindi zisanu. Lowani patsamba la rauta. Adiresi yake mumaipeza polemba ipconfig mu Command Prompt ya Windows n'kuyang'ana mzere wa Default Gateway. Nthawi zambiri imakhala 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1. Patsambapo funani polembedwa Status, WAN kapena Internet, muone adiresi imene rauta yapatsidwa kumbali yake yakunja, muilembe papepala. Kenako, VPN ili yozima, tsegulani limodzi mwa masamba aja ouza munthu adiresi yake ya IP.

Maadiresi awiriwo akafanana, vuto lanu likhoza kuthera m'nyumba momwemo. Akasiyana, pali NAT ina pamwamba pa rauta yanu, ndipo muyenera kudziwa mwini wake.

Adiresi ya WAN ikayamba ndi 192.168, kawirikawiri ndiye kuti m'nyumbamo muli marauta awiri otsatizana. Zimachitika kwambiri: kampani ya intaneti imakuikirani bokosi lake, lomwe ndi modemu komanso rauta, inu n'kugula rauta ina ya Wi-Fi yamphamvu n'kuilumikiza kumbuyo kwake. Lamulo mwalilemba pa rauta yachiwiri, paketi ikufera pa yoyamba. Mankhwala ake enieni ndi kuika bokosi la kampanilo mu bridge mode kuti lisiye ntchito ya rauta, adiresi yakunja izifika pa rauta yanu. Zikakanika, rauta yanuyo isandutseni access point chabe, malamulo muziwalemba pa bokosi la kampani. Palinso njira yosakongola koma yogwira ntchito, yolemba lamulo kawiri: pa bokosi loyamba liloze adiresi ya WAN ya rauta yachiwiri, pa yachiwiri liloze kompyuta.

Koma adiresi ya WAN ikakhala pakati pa 100.64.0.0 ndi 100.127.255.255, rautayo isiyeni, ilibe mlandu. Maadiresi amenewa anapatulidwa mu 2012 kuti makampani a intaneti aziwagwiritsa ntchito pa CGNAT, yomwe ndi NAT yaikulu ya kampani, pamene makasitomala ambirimbiri amagawana adiresi imodzi yakunja. Makampani ena amagwiritsa ntchito oyamba ndi 10 pa ntchito yomweyi. Intaneti yambiri ya pa SIM khadi, kuphatikizapo marauta a 4G ndi 5G, imayenda chonchi, ndipo Starlink nayo imaika makasitomala ake wamba kumbuyo kwa CGNAT. Makina amene akutaya paketi ya mnzanu ali kukampani, ndipo pasiwedi yake simudzaiona. Apa m'pamene anthu amatayira masiku. Malangizo onse awatsatira molondola, lamulo likuoneka labwinobwino patsamba la rauta, koma palibe paketi ngakhale imodzi imene ikufika kuti lamulolo ligwirepo ntchito.

Ngati tsamba la rauta silikuonetsa adiresi ya WAN, lembani tracert 8.8.8.8 muone mizere yoyambirira. Woyamba ndi rauta yanu. Wachiwiri ukakhala wa 192.168 kapena wa 100.64, kayikirani. Pawokha si umboni wokwanira, chifukwa makampani ena amaika maadiresi a mkati pa zipangizo zawo ngakhale kasitomala ali ndi adiresi yakunja, komabe umakulozerani koyang'ana.

Wopezeka kumbuyo kwa CGNAT ayambe ndi kuimba foni kukampani n'kupempha public IP. Ena amapereka ulere, ena amalipiritsa, ena amakaniratu. Ngati inu ndi anzanu nonse muli ndi IPv6, mtundu watsopano wa maadiresi omwe ndi ochuluka zedi, ndipo gemuyo imailola, NAT mulibemo. Mumangolola poti pa firewall ya IPv6 ya rauta kuti itseguke. Kuipa kwake, mnzanu mmodzi akakhala wopanda IPv6 watsala panja. Kwa kagulu ka anthu odziwana, ine ndimaona kuti Tailscale kapena ZeroTier n'zosavuta kuposa zonse: aliyense amaika pulogalamuyo, makompyuta onse n'kumaonana ngati ali m'nyumba imodzi, popanda poti yotsegukira dziko lonse. Palinso ena monga playit.gg amene amakupatsani adiresi yakunja n'kumakutumizirani mapaketi kudzera pa makina awo. Anzanu saika chilichonse, kungoti ulendo wa paketi umatalikirako. Gulu likakula, kuchita lendi seva yolipira pamwezi kumathetseratu nkhani yonseyi.

Kuchokera mkati kupita kunja

Tinene kuti maadiresi aja afanana. Tsopano yesani pang'onopang'ono, kuyambira pafupi. Pa kompyuta imene ili ndi seva, lowani mu gemu ndi adiresi ya 127.0.0.1, yomwe imaloza kompyuta yomweyo. Zikakanika apa, vuto ndi seva yeniyeniyo. Kuti mutsimikize kuti ikumvetseradi, lembani netstat -an | findstr 25565, ndipo muyenera kuona mzere wonga uwu:

TCP    0.0.0.0:25565    0.0.0.0:0    LISTENING

Ma 0.0.0.0 akumanzerewo akusonyeza kuti seva ikulandira kuchokera kulikonse. Mukaona 127.0.0.1:25565, ikungomvera kompyuta yake yokhayo. Pa Minecraft, mzere wa server-ip mu fayilo ya server.properties usiyeni wopanda kanthu. Ambiri amalembapo adiresi yawo yakunja poganiza kuti akuthandiza, seva n'kukana kuyamba, n'kulemba kuti "FAILED TO BIND TO PORT", chifukwa adiresi imeneyo ndi ya rauta, kompyuta ilibe.

Kenako tengani chipangizo china cha m'nyumba momwemo muyese kulowa ndi adiresi ya mkati ija. Chikalephera, woyamba kumuganizira ndi firewall ya pa kompyuta. Windows imasiyanitsa netiweki ya Private ndi ya Public, ndipo chilolezo chimene munapatsa Java kapena gemu tsiku loyamba chikhoza kukhala cha Private chokha pomwe netiweki yanu inalembedwa kuti ndi Public. Kuzimitsa firewall kwa mphindi imodzi pofuna kuyesa si tchimo. Kulakwa n'kuiiwala ili yozima. Mapulogalamu ena a antivayirasi ali ndi firewall yawoyawo pambali pa ya Windows. Onetsetsaninso kuti chipangizo choyeseracho sichili pa Wi-Fi ya alendo, yomwe inapangidwa dala kuti zipangizo zisamaonane, komanso kuti pa kompyuta ya seva palibe VPN yoyaka, chifukwa paketi imatha kulowera pa rauta yankho n'kutulukira ku VPN.

Zikatheka mkati, mangani kaye adiresi ya kompyuta musanalembe lamulo. Rauta imabwereketsa maadiresi a mkati kudzera pa DHCP. Lero kompyuta ili pa 192.168.1.50, rauta ikazima n'kuyakanso ikhoza kupezeka pa 192.168.1.53, lamulo lanu n'kumaloza foni ya munthu wina. Madandaulo ambiri akuti "dzulo zimagwira" amachokera apa. Funani polembedwa Address Reservation, DHCP Reservation kapena Static Lease, mumangirire adiresiyo ku nambala ya MAC ya kompyuta, imene rauta imaizindikirira nayo. Wi-Fi ndi chingwe pa kompyuta imodzimodzi zimakhala ndi MAC zosiyana, ndiye mangani imene mudzagwiritse ntchito, ndipo ngati Windows ikusinthasintha MAC ya Wi-Fi kudzera pa Random hardware addresses, zimitsani zimenezo.

Lamulo lenilenilo ndi lalifupi. Marauta ena amalitcha Port Forwarding, ena Virtual Server; Port Triggering ndi chinthu china, musachisokoneze. Pa External Port ndi pa Internal Port lembani nambala ya gemuyo, pa Internal IP lembani adiresi mwamanga ija, ndipo ngati pali Source IP kapena Remote Host pasiyeni popanda kanthu. Pamene ambiri amaphonya ndi pa Protocol. TCP ndi UDP, njira ziwiri zotumizira mapaketi, zili ndi mapoti awoawo, 65,535 mbali iliyonse, moti kutsegula 19132 ya TCP sikutsegula 19132 ya UDP. Minecraft Java imafuna TCP 25565 pomwe Minecraft Bedrock imafuna UDP 19132. Terraria ndi TCP 7777, Factorio ndi UDP 34197, Valheim ndi UDP 2456 ndi 2457. Mukakayika sankhani Both, sizipweteka.

Poyesa kuchokera kunja pali misampha iwiri. Woyamba: musayese adiresi yanu yakunja muli mkati mwa nyumba yomweyo. Kuti zimenezo zitheke rauta iyenera kutembenuza paketi n'kuibweza mkati, zomwe amazitcha NAT loopback, ndipo marauta ambiri otchipa sachita. Mukhoza kulephera kulowa inuyo pomwe anzanu akulowa bwinobwino. Zimitsani Wi-Fi pa foni muyese ndi data, kapena mupemphe mnzanu. Wachiwiri ndi masamba oyezera mapoti. Amanena kuti poti ndi yotsegula pokhapokha seva ikuyenda pa nthawi yoyezayo, ndipo ambiri amayeza TCP yokha. UDP silonjeza kuyankha, choncho tsamba lotere likhoza kukuuzani kuti 2456 ndi yotseka pomwe Valheim ikugwira. Pa gemu ya UDP, muyeso wodalirika ndi gemuyo.

Zikagwira sabata imodzi kenako n'kusiya, onaninso adiresi yakunja. Makampani ambiri amaisintha nthawi ndi nthawi. No-IP ndi DuckDNS amapereka dzina lotsatira adiresi yanu ikasintha, ndipo marauta ambiri ali ndi malo a DDNS olembapo dzinalo.

Poti mwatsegulayo ikuonekera kwa aliyense, ndipo pali makina amene ntchito yawo usana ndi usiku ndi kufufuza intaneti yonse kufuna maseva a pa 25565. Pa Minecraft yatsani white-list, online-mode ikhale true, ndipo pulogalamu ya seva izikhala yatsopano. Mu December 2021, pamene vuto la Log4Shell, bowo la chitetezo m'mapulogalamu ambiri a Java, linadziwika, uthenga umodzi wolembedwa pa macheza a mu gemu unali wokwanira kulanda seva yosakonzedwa.

Za PlayStation, Xbox ndi Switch

Pa makina amenewa kawirikawiri simuyendetsa seva nokha. M'magemu ena makina a osewera amalumikizana okhaokha, ndipo amadutsa NAT mwa machenjera: seva ya kampani imauza mbali ziwirizo maadiresi awo, zonse n'kutumizirana mapaketi a UDP nthawi imodzi kuti rauta iliyonse iyese kuti paketi yobwerayo ndi yankho. Zimagwira pa marauta ambiri, koma zimakanika pa NAT imene imasintha poti nthawi iliyonse chipangizo chikalankhula ndi adiresi yatsopano. Zimene mumaona pa Xbox zakuti Open, Moderate ndi Strict, pa PlayStation Type 1, 2 ndi 3, pa Switch zilembo kuyambira A mpaka F, zikunena za nkhani imeneyi. Wa Strict amalumikizana ndi wa Open yekha, ndiye awiri a Strict sangakumane. Pa PlayStation Type 2 ndi yabwino kale. Type 1 imangotanthauza kuti pakati palibe NAT, musaivutikire.

Apa UPnP ndi yothandiza, chifukwa imalola makinawo kudzitsegulira okha mapoti amene akufuna. Musaphatikize UPnP ndi lamulo lolemba pamanja pa poti imodzimodzi, zimalimbana. Xbox imagwiritsa ntchito 3074, ndipo m'nyumba mukakhala ma Xbox awiri poti imodziyo singaloze onse. Pa Advanced settings pali Alternate port selection yoti mupatse yachiwiriyo poti ina. DMZ imatumiza chilichonse chosaitanidwa ku chipangizo chimodzi. Pa Xbox kapena PlayStation ndingailole ngati zina zonse zakanika, koma pa kompyuta ayi: mukhala mutaonetsa kudziko mapoti ngati 445 yogawanira mafayilo ndi 3389 ya Remote Desktop, n'kutsala mukudalira firewall ya Windows yokha. Ndipo kumbuyo kwa CGNAT, UPnP ndi DMZ zonse n'zopanda ntchito.

Alowa, koma gemu ikukokakoka

Mwini seva amatumiza zambiri kuposa zimene amalandira, pomwe intaneti ya m'nyumba zambiri ili ndi download yaikulu ndi upload yaing'ono. Komabe gemu yokha sidya upload yochuluka. Chimene chimapha ndi mzere. Wina m'nyumba akayamba kukweza mavidiyo, modemu imaunjika mapaketi ambirimbiri podikira mpata, kapaketi ka gemu n'kuima kumbuyo kwa onsewo. Jim Gettys anatchukitsa dzina lakuti bufferbloat pa vutoli cha mu 2010, ndipo mu 2012 Kathleen Nichols ndi Van Jacobson anatulutsa njira yothana nalo yotchedwa CoDel. Kuyeza kwake n'kosavuta: lembani ping -t 8.8.8.8, kenako yambani kukweza fayilo yaikulu. Manambala a ping, omwe ndi nthawi imene paketi imatenga popita ndi pobwera m'mamilisekondi (ms), akalumpha kuchoka pa 30 ms kufika pa mazanamazana, mwalipeza. Rauta ikakhala ndi SQM, njira yoyendetsera mzere wa mapaketi, monga marauta amene amayenda pa pulogalamu ya OpenWrt, ikani malire pafupifupi 90 peresenti ya liwiro limene mwayeza, kuti mzere uzipangika pa rauta yanu pamene ingathe kuuyendetsa mwachilungamo. Mumataya liwiro pang'ono, ping n'kukhazikika.

Kompyuta ya seva ikhale pa chingwe cha Ethernet. Wi-Fi ikasokonezeka imatumizanso mapaketi, ndipo kuchedwa kumeneko kumagwera wosewera aliyense, osati inu nokha.

Zinthu ziwiri zotsalazi rauta singazikonze. Kuwala m'chingwe cha faiba kumayenda pafupifupi makilomita 200,000 pa sekondi, choncho makilomita 100 alionse amawonjezera pafupifupi 1 ms popita ndi pobwera. Mnzanu amene ali pamtunda wa makilomita 10,000 sangatsike pansi pa 100 ms, ndipo popeza zingwe siziyenda mowongoka, ping yake yeniyeni iposa pamenepo. China ndi mphamvu ya kompyuta. Seva ya Minecraft imawerengera dziko lake lonse maulendo 20 pa sekondi, ulendo uliwonse uyenera kutha mu 50 ms. Ikamalemba kuti "Can't keep up!", ndipo onse akumva lag nthawi imodzi pomwe ping ili yotsika, chepetsani view-distance mu server.properties, chotsani mamodi olemera, kapena sevayo isamutsireni pa kompyuta ina imene simukuseweramo.